Kudya pang'ono kumatalikitsadi moyo? Zimene ndidawayankha achemwali anga

A Mkonzi, ndiloleni ndikambepo za nkhani imene idatsala pang'ono kutigwetsera maliro pakhomo pathu, ngakhale idabwera ngati uphungu wabwino.

Mu Januwale chaka chino achemwali anga, amene ali ndi zaka 71, adagwa m'munda akubandira chimanga. Anthu odutsa ndiwo adawapeza akunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mawu osamveka. Adawakweza pakabaza mpaka kuchipatala chaching'ono cha kwathu. Namwino atawayeza magazi adapeza kuti shuga watsika kwambiri. Achemwaliwa ali ndi matenda a shuga ndipo amamwa mapiritsi m'mawa uliwonse. Atafunsidwa ngati adadya tsikulo, adaulula kuti patha masabata atatu akudya kamodzi patsiku, madzulo okha.

Sikuti ufa udatha m'nyumba ayi. Mdzukulu wawo amene amagwira ntchito ku Johannesburg amawatumizira kangachepe mwezi ndi mwezi. Mdzukulu yemweyo, mwa chikondi chake, ndiye adawatumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp wonena kuti asayansi apeza chinsinsi cha moyo wautali, chomwe ndi kudya pang'ono. Uthengawo umati makoswe ndi anyani amene amamanidwa chakudya sakalamba msanga. Agogo ake adamva, adakhulupirira, n'kuyamba kudzimana, mapiritsi akumwabe monga mwa masiku onse.

Nditapita kukawazonda, adandiyang'ana nati: "Achimwene, inu mwaphunzitsa ana sayansi zaka zonsezi. Tandiuzeni, kodi mwana uja adandinamiza?"

Ndidakanika kuyankha msanga, chifukwa mwanayo sadaname, koma sadanenenso zonse. Ndidaphunzitsa sayansi ya zamoyo kusekondale zaka zoposa 30 ndisanapume pantchito, ndipo nkhani iyi ndakhala ndikuitsata. Yankho limene ndidawapatsa achemwali pang'onopang'ono m'masabata otsatira ndi limene ndikufuna kuti awerengi alimve, poti uthenga uja ukuzungulirabe m'mafoni.

Zidayamba ndi makoswe

Ganizo loti kudya mosapitiriza kumasunga munthu ndi lakalekale. Ku Italy kudali mkulu wina wolemera wa mumzinda wa Venice, dzina lake Luigi Cornaro, amene adadwala kwambiri asanakwane zaka 40 chifukwa chokonda madyerero. Madokotala atamuchenjeza, adayamba kuyeza chakudya chake, magalamu pafupifupi 350 patsiku, ndipo mu 1558 adatulutsa buku loyamikira moyo wodziletsa. Adamwalira mu 1566 ali nkhalamba. Komabe moyo wa munthu mmodzi si umboni. Aliyense wa ife amadziwa gogo wina amene adasuta chingambwe mpaka zaka 90.

Umboni woyamba woyezeka udabwera mu 1935. Clive McCay ndi anzake a pa yunivesite ya Cornell ku America adatenga makoswe ongoleka kuyamwa n'kuwagawa m'magulu. Ena amadya mmene afunira. Ena amapatsidwa chakudya chochepa, koma chokhala ndi mavitamini, michere ndi zomanga thupi zokwanira. Chimene chidachepetsedwa chidali mphamvu ya m'chakudya yokha, imene imayezedwa m'makalori. Makoswe odya pang'onowo adakula mochedwa ndipo adali ang'onoang'ono, koma adakhala ndi moyo nthawi yotalikirapo kuposa anzawo okhuta aja.

Chiyambire pamenepo, kafukufuku wotereyu wabwerezedwa kambirimbiri pa makoswe ndi mbewa za m'malabotale. Kawirikawiri ofufuza amachotsa magawo 20 mpaka 40 pa 100 alionse a chakudya. Kunena mwa kwathu, pa mitanda khumi amachotsapo iwiri, itatu kapena inayi. Nyama zambiri zotere zimachedwa kugwidwa ndi khansa, matenda a impso ndi shuga, ndipo zimafa mochedwerapo. Pa njira zonse zimene zayesedwa pofuna kuchedwetsa ukalamba wa nyama zoyamwitsa, iyi ndiyo yaonetsa zipatso kawirikawiri.

Agalu nawonso adayesedwa. Kampani ya Purina, yopanga chakudya cha ziweto, idalera agalu 48 a mtundu wa Labrador kuyambira ali ana mpaka kufa. Adawaika awiriawiri a mimba imodzi, wina n'kumalandira chakudya chochepa ndi magawo 25 pa 100 poyerekeza ndi mbale wake. Zotsatira zidatuluka mu 2002. Agalu odya pang'ono adafika zaka 13 tikatenga zaka za pakatikati, pamene anzawo adalekera pa zaka 11.2. Nyamakazi ya m'chiuno ndi m'miyendo idachedwanso kuwagwira. Kwa galu, zaka pafupifupi ziwiri si zochepa.

Ku France adayesa kanyama ka ku Madagascar kofanana ndi changa, kotchedwa mouse lemur. Mu 2018 adalengeza kuti todya pang'ono tidafika zaka 9.6 pamene todya mokhuta tidafika zaka 6.4. Koma adaonanso kuti mbali zina za ubongo wa todya pang'onoto zidafota msanga. Pamenepa m'pamene munthu amayamba kuona kuti nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri.

Anyani awiri, mayankho awiri

Nyama zimene zili pafupi ndi ife pa chilengedwe ndi anyani, ndipo pa iwo mpamene pali phunziro limene achemwali anga amafunika kulimva. Ku America magulu awiri a ofufuza adayamba kulera anyani a mtundu wa rhesus, amene akakhala m'khola amafika zaka za m'ma 20 ndipo ena ochepa amafika 40. Gulu loyamba lidali la bungwe la boma loona za ukalamba, National Institute on Aging, ndipo lidayamba mu 1987 ndi anyani amene adafika 121. Lachiwiri lidali la yunivesite ya Wisconsin, lidayamba mu 1989, ndi anyani 76. Magulu onse awiri adachepetsera anyani ena chakudya ndi magawo 30 pa 100, n'kudikira zaka makumi awiri.

Mu 2009 a ku Wisconsin adatulutsa zimene adapeza. Mwa anyani 38 odya mokhuta, 14 adali atafa ndi matenda a ukalamba. Mwa 38 odya pang'ono, adali atafa 5 okha. Khansa ndi matenda a mtima zidachepa ndi theka, ndipo padalibe nyani wodya pang'ono amene adadwala shuga. Nyuzi za dziko lonse zidasindikiza chithunzi cha anyani awiri. Canto, wa zaka 27, wodya pang'ono, adali chilili, ubweya uli see. Owen, wa zaka 29, wodya mokhuta, adali wowerama, mimba ili lende, ubweya utasosoka. Ndikhulupirira kuti uthenga umene udafika kwa achemwali anga udachokera pa nkhani ngati imeneyi.

Patangopita zaka zitatu, mu 2012, a bungwe la boma lija adatulutsa zawo, ndipo zidadabwitsa ambiri. Anyani awo odya pang'ono sadapose anzawo pa kutalika kwa moyo. Mtundu wa nyani umodzi, muyeso wochepetsera chakudya umodzi, koma mayankho awiri.

Atafufuza chimene chidasiyanitsa, adachipeza m'mbale. Ku Wisconsin chakudya cha anyani chidali chopangidwa kufakitale, ndipo pafupifupi magawo 28 pa 100 adali shuga weniweni ngati wothira mu tiyi. Anyani oyerekezera aja amadya mmene afunira, ndiye adanenepa. Ku bungwe la boma chakudya chidali cha tirigu, chimanga, soya ndi ufa wa nsomba, shuga ali magawo 4 okha pa 100, ndipo ngakhale anyani oyerekezera amayezeredwa chakudya kuti asanenepe. Choncho ku Wisconsin amayerekeza nyani wodziletsa ndi nyani wosusuka wodya zotsekemera. Kwinaku amayerekeza nyani wodya pang'ono ndi nyani wodya moyenera kale, ndipo kusiyana kudali kochepa.

Mu 2017 magulu awiriwa adakhala pamodzi n'kuphatikiza zimene adapeza. Adagwirizana kuti kuchepetsa chakudya kumathandiza thanzi la anyani akuluakulu, koma zimadalira mtundu wa chakudyacho ndi msinkhu umene wayambira. Anyani amene adayamba kumanidwa akadali ana sadapindule pa kutalika kwa moyo.

Ndidawauza achemwali kuti funso loyamba munthu asanachepetse chakudya ndi lakuti: ukuchepetsa kuchokera pati? Wochotsa mtanda umodzi pa mitanda inayi ndi wochotsa umodzi pa iwiri sakuchita chinthu chofanana.

Chimachitika n'chiyani m'thupi?

Taganizirani banja limene lakolola zochuluka. Khasu likaguluka amagula lina, dengu likabooka amaliponya kuseri kwa nyumba, ndipo zinyalala zimaunjikana pabwalo popanda woziona. Chaka chimene zokolola zachepa, banja lomwelo limakhomera khasu lakale mpini watsopano, limasoka dengu lija, ndipo palibe chimene chimatayidwa wamba.

Maselo a thupi amachitanso chimodzimodzi. Chakudya chikachuluka, thupi limalandira uthenga woti likule, linenepe, libereke. Uthengawu umayenda kudzera mwa insulini komanso kapuloteni kena ka m'maselo kotchedwa mTOR. Chakudya chikachepako, uthengawo umazirala ndipo maselo amatembenukira kuntchito yokonza. Amaphwanya tizigawo tawo takale ndi towonongeka n'kugwiritsanso ntchito zipangizo zake. Ntchito yodziyeretsayi asayansi amaitcha autophagy, kutanthauza kudzidya, ndipo Yoshinori Ohsumi wa ku Japan adalandira mphoto ya Nobel mu 2016 chifukwa cholongosola mmene imayendera. Mbali ina ya ukalamba ndi kuunjikana kwa zowonongeka m'maselo, choncho thupi limene limasesa kawirikawiri limachedwa kufooka.

Umboni wina wa zimenezi ndi mankhwala otchedwa rapamycin, ochokera ku tizilombo ta m'dothi la pachilumba cha Easter Island. Mankhwalawa amatseka mTOR uja, kunamiza maselo kuti chakudya chachepa. Mu 2009 zidapezeka kuti mbewa zokalamba kale zimene zidapatsidwa mankhwalawa zidakhala ndi moyo wotalikirapo, zazikazi ndi magawo 14 pa 100, zazimuna ndi magawo 9. Koma ndi mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi, amene amapatsidwa kwa anthu oikidwa impso ya munthu wina. Wina akadzakutsatsani ngati mankhwala a unyamata, mudzamuthawe.

Nthawi yodyera nayo ili ndi gawo lake. Mbewa zimagona masana n'kumayenda usiku. Mu 2022 gulu la Joseph Takahashi la mumzinda wa Dallas lidapeza kuti kuchepetsa chakudya kokha kudatalikitsa moyo wa mbewa ndi magawo 10 pa 100, koma pamene chakudya chochepacho chimaperekedwa usiku wokha, nthawi imene mbewa zili maso, moyo udatalika ndi magawo 35. Thupi limachilandira bwino chakudya pa nthawi yake yogwira ntchito. Achemwali anga amachita mosemphana: amalima tsiku lonse m'mimba muli gwaa, n'kudya pokagona.

Zimene uthenga uja udasiya

Mbewa ya mu labotale imakhala ngati mwana wa mfumu. M'khola mwake mumafunda, mulibe mphaka, mulibe kadzidzi, mulibe majeremusi, ndipo siyenda mtunda kukafuna madzi. Ikamanidwa chakudya, imalipira mtengo umene m'kholamo suoneka. Imamva kuzizira msanga. Chilonda chimachedwa kupola. Kubereka kumachepa kapena kuima kumene. Mbewa zokalamba zodya pang'ono zitapatsidwa dala kachilombo ka chimfine cha fuluwenza, zidafa kwambiri kuposa zokhuta, poti zidalibe nkhokwe ya m'thupi yolimbanira ndi matenda. Ife tikukhala pakati pa malungo, chifuwa chachikulu ndi kolera. Nkhokwe imeneyo timaifuna.

Komanso si mbewa zonse zimene zimapindula. Mu 2010 ofufuza a ku America adayesa mitundu 41 ya mbewa zosiyana chibadwa, zonse n'kuzichepetsera chakudya ndi magawo 40 pa 100. Mitundu imene moyo wake udafupika idaposa imene moyo wake udatalika. Mu 2024 a Jackson Laboratory ku Maine adatulutsa kafukufuku wa mbewa zazikazi 960 za chibadwa chosiyanasiyana. Zodya mokhuta zidafika miyezi 25, zosala kudya tsiku limodzi kapena awiri pasabata zidafika miyezi 28, zochepetseredwa magawo 20 zidafika miyezi 30, ndipo zochepetseredwa magawo 40 zidafika miyezi 34. Zikumveka bwino. Koma m'kati mwa gulu lililonse, mbewa zimene zidaonda kwambiri ndizo zidafa msanga, ndipo zimene zidasunga thupi lawo ndizo zidakhalitsa. Chibadwa cha mbewa chidali ndi mphamvu pa kutalika kwa moyo kuposa kadyedwe. Kuonda pakokha si chizindikiro choti zinthu zikuyenda.

Nanga anthu? Njala yeniyeni idayesedwapo pa anthu, ndipo zotsatira zake n'zoopsa. Mu 1944, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili m'kati, Ancel Keys wa pa yunivesite ya Minnesota adasonkhanitsa anyamata 36 athanzi amene adakana kupita kunkhondo chifukwa cha chikhulupiriro chawo. Kwa masabata 24 m'chaka cha 1945 amadya pafupifupi theka la chakudya chawo cha masiku onse, makamaka mbatatesi, buledi ndi masamba ochepa. Adataya gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Amangomva kuzizira, miyendo idatupa, adasanduka aukali ndi okhumudwa, ndipo ena amangokhalira kusonkhanitsa mabuku a kaphikidwe. Mmodzi adafika podzidula zala zitatu ndi nkhwangwa.

Nthawi yomweyo ku Netherlands kudagwa njala kuyambira kumapeto kwa 1944 mpaka 1945, asilikali a Germany atatseka njira za chakudya. Anthu amalandira makalori osafika 1,000 patsiku ndipo pafupifupi 20,000 adafa. Ana amene adali m'mimba nthawi imeneyo akhala akutsatidwa mpaka kukalamba. Ambiri mwa iwo adadzadwala shuga, mtima ndi kunenepa kwambiri kuposa anzawo obadwa njala isanafike kapena itatha. Njala ya mayi idafupikitsa thanzi la mwana.

Ife Amalawi sitifunika kuuzidwa ndi a ku Netherlands. Amayi athu ankatisimbira za njala ya 1949, ndipo ya 2002 tidaiona ndi maso athu, anthu akudya gaga ndi zitsa za nthochi. Palibe amene adatuluka m'njala imeneyo ali mnyamata. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira. Mwana wopinimbira wadya pang'ono ndithu, koma adamanidwa zomanga thupi, ayironi ndi mavitamini, zinthu zimene makoswe a McCay sadamanidwe ngakhale tsiku limodzi. Apa mpamene pagona nkhani. Ofufuza amachepetsa makalori n'kusiya michere yonse ili yokwanira. Umphawi umachepetsa zonse, ndipo umayambira pa ndiwo.

Kuchepetsa mwanzeru kudayesedwanso pa anthu. Kafukufuku wotchedwa CALERIE ku America adatenga anthu 218 athanzi, osapitirira zaka 50, osanenepa mopitirira muyeso, kwa zaka ziwiri. Ena adapemphedwa kuchepetsa chakudya ndi magawo 25 pa 100, mothandizidwa ndi akatswiri a kadyedwe komanso mapiritsi a mavitamini. Ngakhale ndi thandizo lonselo adangokwanitsa magawo 12. Adatsika ndi makilogalamu pafupifupi 7.5, kuthamanga kwa magazi ndi mafuta a m'magazi zidatsika, ndipo thupi limamva bwino insulini. Mu 2023 ofufuza atayeza magazi awo adati liwiro la kukalamba lidatsika ndi magawo 2 kapena 3 pa 100. Koma mafupa awo adapepukako. Onaninso kuti mwa anthu 218 aja mudalibe gogo wa zaka 71, mudalibe wodwala shuga, mudalibe wolima ndi khasu.

Ngakhale katswiri amene adalimbikitsa kadyedwe aka moyo wake wonse sadalonjezedwe kanthu. Roy Walford, dokotala wa ku California amene adayesa mbewa zambiri ndipo iye mwini amadya pang'ono akuyembekeza zaka 120, adamwalira mu 2004 ali ndi zaka 79, ndi matenda opha mitsempha.

Uthenga udasochera khomo

Tsiku lina tili pakhonde, nditawafotokozera za Canto ndi Owen, achemwali adakhala chete kanthawi, kenako adayang'ana mimba yanga.

"Ndiye achimwene," adatero, "pa anyani awiriwo, inu ndinu uti?"

Tidaseka mpaka misozi, koma mawuwo adandilasa. Achemwali anga ndi ochepa thupi chibadwire, amadya mgaiwa, nkhwani wotendera, nyemba ndi usipa ukapezeka, ndipo amayenda wapansi kupita kulikonse. Iwo ndi nyani wa ku bungwe la boma lija, wodya moyenera kale. Palibe chochotsa. Pa msinkhu wawo minofu imatha yokha chaka ndi chaka, ndipo gogo wopanda minofu akagwa n'kuthyoka chiuno, nthawi zambiri sadzukanso. Iwo amafunika kuwonjezera dzira, nyemba, nsinjiro ndi nsomba. Pamwamba pa izo, mapiritsi ena a shuga, monga glibenclamide, amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sadadye. Kuwamwa n'kusala chakudya kungathe kumukomola munthu, ngakhale kumupha.

Owen ndine. Chipumireni pantchito ndimakhala m'tauni. M'mawa tiyi wa masupuni atatu a shuga ndi mandasi, masana mitanda itatu ya ufa woyera, madzulo kanyenya kapena chipisi pa chiwaya ndi chakumwa chotsekemera. Kumsika ndimapita pa njinga yamoto. Anzanga akandiona amati "bwana zikuyenda", ine n'kumasisita mimba mokondwa. Chaka chatha kuchipatala adandiuza kuti magazi anga akuthamanga kwambiri, ine n'kungogwedeza mutu. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Ndipo sindili ndekha. Kafukufuku yemwe uja wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 ndi onenepa kuposa muyeso, makamaka m'matauni. Kafukufuku wina wa 2009 adaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Dziko lathu lasenza mitolo iwiri. M'banja limodzi mumapezeka mwana wopinimbira ndi malume wodwala shuga. Uphungu umodzi sungakwane onse awiri, ndipo foni siona kuti uthenga ukupita kwa yani.

N'chifukwa chake ndikupempha awerengi kuti tisanatumizire abale athu uthenga wa kadyedwe, tiyambe taganiza amene akukaulandira. Mwana amene akukula, mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, gogo wochepa thupi, wodwala chifuwa chachikulu, amene akumwa ma ARV ndi wodwala aliyense amene akuchira, asachepetse chakudya chifukwa cha nkhani ya makoswe. Wodwala shuga amene akufuna kusintha kadyedwe kapena kusala kudya, ngakhale pa zifukwa za mapemphero, ayambe wakambirana ndi a chipatala kuti aone za mapiritsi ake. Safunsa adadya phula.

Koma ife a mimba za ubwana, nkhaniyi ndi yathu, ndipo sikufuna ndalama. Anthu a pachilumba cha Okinawa ku Japan, amene adatchuka ndi kuchuluka kwa nkhalamba zathanzi, ali ndi mwambo wosiya kudya mimba ikadzaza magawo asanu ndi atatu mwa khumi. Ine ndayamba motere. Mitanda ndatsitsa kuchoka pa itatu kufika pa iwiri, ndipo ndabwerera ku mgaiwa. Malo a mtanda wachitatu ndaikapo masamba ndi nyemba, kuti magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene azaumoyo amatiphunzitsa aja asasowe m'mbale. Shuga wa mu tiyi ndi supuni imodzi. Chakudya chachikulu ndimadya masana, madzulo kungolawa. Kumsika ndikupita wapansi. Lamba ndabweza mabowo awiri, ndipo namwino atandiyeza mwezi watha sadakwinye nkhope ngati kale. Zaka zimene ndidzakhale nazo adziwa ndi Mwini moyo. Chimene ndikufuna n'chakuti zimene zatsalazo ndiziyende ndi miyendo yanga, ndisakhale katundu wa ana anga.

Mdzukulu wa ku Johannesburg uja ndidamuimbira. Adalira pafoni, akuti amafuna agogo ake adzaone ana ake. Ndidamuuza kuti cholinga chake chidali chabwino, ndipo ngati akufunadi zimenezo aziwonjezera ya mazira ndi matemba pa ndalama ija.

Lamulungu lapitali ndidakadya nkhomaliro kwa achemwali. Mwa chizolowezi adandiomolera mitanda itatu, iwo n'kudziikira umodzi. Ndidatenga wachitatuwo n'kuuika m'mbale mwawo, pamodzi ndi chambo chimene adandisankhira.

"Achimwene, mlendo sapatsa mwini nyumba," adatero.

"Idyani achemwali," ndidatero. "Uwu ndi wa Owen. Akuti wakhuta."

Adadya wonse.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Zomba